Aja a Kuseri kwa Chinsalu Nawonso Alembedwe Maina

Popeza Bwana Mkonzi anapempha kuti yense wokhala ndi mau alembe m'magazini yathu ya chaka chino, ine ndasankha kunenapo za ntchito imodzi ya m'kalabu yathu ya masewero imene ambiri a ife timaiyesa yachabe. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Tsono inu aphunzitsi athu olemekezeka, ndi inunso anzanga, musandiyese wamwano. Ntchito imene ndikunenayi ndiyo ya wothandiza woyang'anira nsanja, amene Angelezi amutcha assistant stage manager, kapena mwachidule ASM. Ine ndaigwira zaka ziwiri, ndipo pempho langa ndi ili: ntchitoyi isapatsidwenso kwa munthu monga chomtonthozera atalephera kulowa m'sewero, ndipo dzina la woigwira lizilembedwa pa pepala la ndondomeko pamodzi ndi maina a osewera.

Mwambo wathu nonse muudziwa. Tsiku losankha osewera lifika, anyamata ndi atsikana awerenga mau mmodzimmodzi, amene ali ndi mau amphamvu atengedwa, ndipo otsalawo auzidwa kuti, "Inu muzithandiza kuseri." Mau amenewa amanenedwa mwachifundo, monga momwe timanenera kwa mwana amene wachedwa pa nsima kuti ndiwo zatha koma msuzi ulipo. Chotsatira chake n'chakuti wouzidwayo abwera masiku awiri kapena atatu, aona kuti palibe womfuna, naleka. Tsono sabata yomaliza isanafike tsiku la sewero, m'pamene mudzaona anthu akuthamangathamanga kufunafuna mkondo, chipewa cha mfumu ndi mpando, aliyense akuloza mnzake chala.

M'nyumba zazikulu za masewero za ku England satero iai. Kumeneko kuseri kwa chinsalu kumakhala anthu a maudindo atatu. Wamkulu wao ndiye woyang'anira nsanja yense. Wachiwiri wake amakhala pa ngodya, kawirikawiri ku dzanja lamanzere la wosewera akayang'ana anthu, ali ndi buku la sewero m'mene mwalembedwa zonse: apa nyali ziyake, apa zizime, apa belu lilire, apa chinsalu chitsike. Wachitatu ndiye ASM uja, ndipo iye ndiye mwini zinthu. Kalata, chikho, mpeni, ndodo, nyali ya m'manja, zonse zimene wosewera agwira ziri m'manja mwake. Amaziika pa tebulo limene waligawa ndi mizere, chinthu chirichonse m'kabwalo kake kolembedwa dzina, kotero kuti akangoponya diso aona pomwepo kuti kabwalo kena kali kopanda kanthu. Pansi pa nsanja amamata tizizindikiro tosonyeza pamene miyendo ya mpando iime, kuti ngakhale mumdima mpandowo ubwerere pamalo pake penipeni. Amavala zakuda kuti oonerera asamuone pamene asuntha katundu.

Ngakhale nthawi amaisunga mwa njira yao yodabwitsa. Ngati sewero liyamba 7:30 madzulo, osewera amachenjezedwa 6:55 kuti kwatsala theka la ola, kenaka 7:10, kenaka 7:20, ndipo 7:25 onse oyamba kulowa amaitanidwa kuti aime pamalo pao. Wina adzati, theka la ola lotani la mphindi 35? Chifukwa chake n'chakuti iwo sawerengera nthawi yotsegula chinsalu, koma nthawi imene wosewera ayenera kukhala ataima kale chire kuseri. Ife kuno timayamba kufunafuna "mfumu" yathu alendo atakhala kale pansi, ndipo timakaipeza ku thanki ikumwa madzi.

Koma tiyeni ndikupatseni chitsanzo chimodzi, pakuti mwina mukuganizabe kuti zonsezi n'kunyamula mipando basi. M'sewero la William Shakespeare lotchedwa Othello muli kampango kakang'ono kamene Othello anapatsa mkazi wake Desdemona. Taonani ulendo wa kampango kameneka. Desdemona afuna kumanga nako mutu wa mwamuna wake, iye akakankha, ndipo kagwa pansi. Emilia akatola. Iago, mwamuna wa Emilia, akalanda natuluka nako. Pambuyo pake Cassio alowa ali nako, pakuti m'nkhaniyo Iago anakakataya m'chipinda chake, ndipo Cassio akapereka kwa Bianca. Potsiriza Bianca abwera nako mokwiya nakabwezera Cassio, Othello akuonerera pobisala, ndipo pamenepo atsimikiza mumtima mwake kuti mkazi wake ndi wosakhulupirika. Imfa ya Desdemona ichokera pa kansalu kameneka.

Tsono ndikufunseni. Pamene Iago watuluka nako ku khomo lina, ndipo Cassio ali pafupi kulowera ku khomo lina, amene achotsa kampango m'thumba la Iago nakakaika m'dzanja la Cassio ndani? Shakespeare sanamulembe munthu ameneyu, ndipo oonerera sadzamuona. Iago sangakumbuke, pakuti mutu wake uli pa mau ochuluka amene atsala. M'sewero lonselo palibe wolankhula mau ambiri kuposa iye. Cassio naye akubwereza ake chamumtima. Ngati wa kuseri uja wapita kukacheza pa zenera ndi anzake, Cassio adzalowa chimanjamanja, ndipo mau onse a Bianca adzakhala opanda mutu. Wosewera akaiwala mzere, wa buku amnong'oneza, sewero lipitirira. Koma kampango sunganong'oneze. Momwemonso ndi kabotolo ka mankhwala ka Juliet, ndi mipeni ya magazi imene Macbeth atuluka nayo m'chipinda cha mfumu Duncan. Kodi ntchito yotere ndiyo yopatsa munthu amene wakhumudwa kale, amene sakufuna n'komwe kukhalapo?

Ndipo kwa ife ana a sukulu ntchitoyi ndi yolemera koposa, chifukwa tiribe nyumba yathuyathu ya masewero. Timasewera m'holo yodyera, mabenchi titawakankhira kumbali. Tikapita ku mpikisano ku sukulu ina, monga mipikisano ya ATEM imene inayamba mu 1969, timakapeza nsanja yachilendo: khomo limene kwathu liri kumanja kumeneko liri kumanzere, kapena kulibiretu. Amene ayenera kuyamba kutsika m'galimoto, kuyeza nsanjayo ndi mapazi, ndi kuuza anzake polowera ndi potulukira, ndi yemweyo wa kuseri. Katundu wambiri ndi wobwereka. Mtondo ndi wa amayi ena a m'mudzi wapafupi, jekete ndi la aphunzitsi, mpando wa ndalema ndi wa alonda. Wina ayenera kulemba m'kabuku kuti chakuti tatenga kwa akuti, ndi kukabweza chiri chamoyo, apo ayi chaka chamawa sadzatibwerekanso. Magetsi akazima pakati pa sewero, wa tochi ndi nyali ya galasi yothira kale mafuta ndi iyeyo.

Ndidziwa zimene ena adzayankha. Mnzanga wina wa m'kalasi anandiuza kuti ntchito imeneyi ubwino wake ndi kusaoneka, tsono wofuna kutchuka aisiye. Theka la mau akewo ndi loona. Pa nthawi ya sewero, wa kuseri akaoneka ndiye kuti china chalakwika, ndipo ine sindipempha kuti tizituluka kudzagwada pamodzi ndi osewera anthu akuomba m'manja. Koma kusaoneka pa nsanja ndi kwina, kusalembedwa pa pepala ndi kwinanso. Pa ndondomeko yathu ya chaka chatha panalembedwa ngakhale dzina la amene analowa kamodzi kokha atanyamula mkondo osanena kanthu, koma anthu anai amene anagona mochedwa sabata yathunthu akusoka, akumata ndi kukhoma, anawaphatikiza m'mau awiri akuti "ndi ena". Makolo ao anabwera, natenga pepalalo kupita nalo kumudzi, dzina la mwana wao mulibe. Ku nyumba za masewero zimene ndanena zija, maina a oyang'anira nsanja amasindikizidwa m'ndondomeko, ndipo amalandira malipiro monga antchito enieni.

Palinso chitonthozo china chimene aphunzitsi ena amakonda kutipatsa, chakuti, "Limbikirani, osewera otchuka ambiri anayambira komweko." Izi n'zoona ndithu. Michael Caine, amene pambuyo pake analandira mphoto ya Oscar kawiri, anayamba mu 1953 monga ASM m'kagulu ka masewero ka m'tauni ya Horsham, akumalowako m'sewero pa tizigawo tating'ono. Koma chitonthozo chimenechi ine sichindikondweretsa kwenikweni, pakuti chikunenabe kuti kuseri ndi pongodikirira, ndipo kuti munthu weniweni ndi uja ali kutsogolo. Caine anafuna kusewera, ndipo anasewera. Nanga uja amene safuna kusewera? Alipo anzathu pano pa sukulu amene manyazi sawalola kuima pamaso pa anthu, koma saiwala kanthu, sachedwa, ndipo chinthu chikasowa sakuwa, amangoganiza msanga chochita. Otere sabwera konse tsiku losankha, chifukwa amva kuti kalabu ifuna a mau okoma okha. Tikutaya anthu amene tikuwasowa, ndi kukakamiza ntchito pa anthu amene saifuna.

Sindinena kuti osewera ntchito yao ndi yopepuka. Kuloweza masamba makumi awiri uku mayeso ali pafupi si masewera, ndipo ine sindingathe. Chimene ndikana ndi chizolowezi cha osewera ena chotaya chipewa paliponse akatuluka, ndi kuitana wa kuseri ndi mluzu ngati akuitana galu. Chinthu ukatenga pa tebulo, ubweze m'kabwalo kake. Lamulo limeneli lisasiye munthu, angakhale iye amene asewera ufumu.

Chifukwa chake ndipempha akomiti a kalabu ndi aphunzitsi otiyang'anira kuti teremu ikudzayi, pa chikalata choitana ofuna kusewera, alembenso poyera kuti pakufunika woyang'anira nsanja mmodzi ndi omthandiza awiri, ndipo ofuna adzilembetse okha. Asankhidwe tsiku lomwelo, ayambe kubwera ku zoyeserera kuyambira tsiku loyamba, ndi kupatsidwa buku lao la sewero, m'malo mowauza kuti aziyang'anira pa phewa la wina. Mmodzi mwa omthandizawo akhale wa Fomu 1 kapena Fomu 2, kuti ife a Fomu 4 tikachoka pasakhale poyambiranso. Atipatsenso kabati imodzi ya loko yosungiramo katundu, pakuti zisoti zimene tinapanga chaka chatha zinadyedwa ndi chiswe kuseri kwa sitolo. Ndipo amene adzataipa ndondomeko asiye mizere itatu pansi pa maina a osewera. Ine ndidzabweretsa ndekha mainawo, olembedwa bwino, sabata imodzi tsikulo lisanafike.

Wophunzira wa Fomu 4