Ulendo wa ku Manchester umayambira pa Kachulu

Aliyense amene adaimapo pa doko la Kachulu m'mamawa, nkhungu isanachoke pamwamba pa mabango, phiri la Chisi likuoneka ngati layandama pamadzi, akudziwa kuti munthu wofuna kuoloka nyanja ya Chilwa sayamba ndi kufunsa mtengo. Amayamba wasuzumira m'bwato kuona ngati silikuchucha, nayang'ana mwini wake m'maso kuti adziwe ngati wagona bwino kapena wachezera kachasu, nawerenga matumba a matemba amene alongedwamo kale, ndipo akakhutira ndi zonsezi m'pamene amatulutsa ndalama yake. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti anthu omwewa, ochenjera chotere pa ulendo woti tsidya lake likuoneka ndi maso, akalandira uthenga wochokera kwa mwana wawo wa ku Manchester kapena ku Dublin wakuti bwerani mudzaone mdzukulu, nzeru zonse zija amazisiya padoko, natsala ndi funso limodzi lokha lakuti, kodi tikiti yotsika mtengo ndi iti?

Ine ndikuti funso limenelo liyenera kudza pambuyo pa ena onse, ndipo chifukwa chake ndidachiona ndi maso anga.

Koma ndiyambe ndakumbutsa owerenga kuti kusankha kumene tikukuseweretsaku, makolo athu sadali nako. Amuna a kuno kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji amene adalembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi, ankakwezedwa ndege pa Chileka monga momwe asodzi amapakirira nsomba, natsitsidwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, kumene sitima ya pamtunda inkawatenga kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Panalibe wofunsidwa kuti ufuna kudzera kuti, ngakhale wouzidwa kuti ndegeyo ili bwanji. Pa 4 April 1974 ndege ina ya Wenela, itangonyamuka pa Francistown kubwera kuno, idagwa ndi kupha anthu 78, ochuluka mwa iwo Amalawi obwerera kwawo ndi masutikesi awo, ndipo chifukwa chake chidapezeka kuti idamwetsedwa mafuta osayenera. Dr. Banda adaletsa kulemba anthu a ku migodi chaka chomwecho. M'chaka chomwechonso Air Malawi idayamba kuulutsa ndege yake ya VC10 kuchokera pa Chileka mpaka ku London, ndipo m'zaka zotsatira, bwalo la Kamuzu litatsegulidwa ku Lumbadzi mu 1983, ndege za British Airways ndi KLM zinkatera m'dziko muno, kotero kuti munthu ankakhoza kukhala pampando umodzi kufikira ku Ulaya. Masiku amenewo adapita. Air Malawi idatha mu 2013, ndipo m'malo mwake mudadza kampani imene boma lathu lili ndi magawo 51 pa 100 aliwonse, otsalawo ndi a Ethiopian Airlines. Lero palibe ndege yonyamuka m'Malawi n'kukatera ku Ulaya, ku Amereka kapena ku India osayamba yatula anthu ake pena pake. Tonse tiyenera kudzera pa chipata, ndipo zipata zazikulu ndi zitatu: Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg.

Kusintha chombo panjira si chachilendo. Ngakhale mtumwi Paulo popita ku Roma adatsitsidwa pa Mura nakwezedwa m'ngalawa ina ya ku Alesandriya. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Nkhani yagona pa kudziwa kuti pamene watsitsidwa pachipatapo, uli m'manja mwa yani.

Alamu anga, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi amene moyo wake wonse walima mpunga m'mbali mwa Likangala, adaitanidwa ndi mwana wawo wamkazi, namwino ku Mangalande. Mwanayo, pofuna kupulumutsa ndalama zimene adazipeza movutikira pogwira ntchito usiku, adafufuza pa intaneti napeza kuti akagula matikiti awiri osiyana, ina yochokera pa Chileka kufika ku Johannesburg, inzake ya kampani ina yochokera kumeneko kudzera ku Arabiya mpaka ku Manchester, mtengo wake ukutsikako ndithu. Pakati pa kutera kwa ndege yoyamba ndi kunyamuka kwa yachiwiri padali maola atatu, ndipo pa kompyuta maola atatu amaoneka ambiri. Tidawaperekeza ndi chimwemwe, atavala chitenje chatsopano, m'chikwama muli ufa woyera ndi mpunga wa m'munda mwawo. Ndege yoyamba idachedwa kunyamuka ndi maola awiri. Atafika ku Johannesburg, kudapezeka kuti ayenera kudinditsa pasipoti ngati munthu wolowa m'dzikolo, kudikira chikwama chawo pa lamba wozungulira uja, kuchikoka kukwera nacho kumtunda, ndi kukaima pamzere wina kuti achiperekenso. Pamene amafika pa tebulo, adapeza atatseka. Madzulo ake foni yanga idalira, ndipo mawu amene ndidamva sindidzawaiwala: “Alamu, andisiya. Akuti tikiti yafa. Kodi tikiti imafa bwanji ine ndili moyo?”

Kampani yoyamba idati ntchito yake idali kuwafikitsa ku Johannesburg, ndipo yawafikitsa. Yachiwiri idati iwo sadaonekere pa nthawi yake, choncho ulendo wopita wathetsedwa pamodzi ndi wobwerera womwe, pakuti ndiwo mwambo wa makampani ambiri munthu akaphonya chigawo choyamba cha tikiti yake. Onse awiri adanena zoona monga mwa malamulo awo, ndipo mayiyo adagona pa benchi, atakumbatira chikwama cha ufa, kufikira mwana wawo atakongola ndalama yogulira tikiti yachitatu, imene idadula kuposa ziwiri zija kuphatikiza pamodzi. Akale adati mapanga awiri avumbwitsa.

Tsono chinthu choyamba, chimene ndingachilembe pa khomo la nyumba iliyonse yokhala ndi mwana kunja, ndi ichi: ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi, ya nambala imodzi, kuyambira pa bwalo lonyamukira kufikira pa bwalo lomaliza. Sikuti ndege ikhale imodzi ayi, ngakhale kampani siyenera kukhala imodzi, popeza makampani amagwirizana n'kumanyamulirana anthu. Chofunika n'chakuti pangano likhale limodzi. Pamenepo kawirikawiri katundu amalembedwa pa Chileka kuti akatsikire komaliza, mwini wake osamukhudzanso panjira, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, ndi udindo wa kampani ya ndege kukupezera mpando m'ndege yotsatira popanda kulipiranso. Wogula matikiti awiri wadzisenzetsa yekha mtolo umene kampani ikadamusenzera.

Za kutalika kwa nthawi yodikira pachipata, achinyamata ndi ine sitimvana. Iwo amanyadira ulendo wosintha ndege m'mphindi makumi asanu, chifukwa miyendo yawo ndi yopepuka ndipo zikwangwani za Chingerezi amaziwerenga akuthamanga. Koma kuthamanga sikufika. Mabwalo amenewa ndi midzi yathunthu, mwina kuchokera chipata china kufika chinzake ndi mtunda wonga wochokera padoko kufika kusukulu, ndipo panjira pali kuvula nsapato ndi lamba, kutaya madzi akumwa ndi kuima pamzere wosechedwa. Kwa munthu wamkulu kapena woyenda koyamba, maola atatu kapena anayi pa tikiti imodzi ndiwo mtendere. Ubwino wa njira ya ku Addis Ababa kwa ife, monga ndaonera, ndi wakuti ndege imachoka kuno masana, nifika kumeneko madzulo patatha maola anayi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo zambiri zopita ku Ulaya zimanyamuka cha pakati pa usiku womwewo, munthu n'kukafika kutacha. Wodzera ku Johannesburg amayamba wabwerera kummwera maola awiri, kenaka n'kuuluka maola khumi ndi limodzi kupita ku London. Komabe njirayo ili ndi ndege zambiri zosankhapo, ndipo Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza akamangocheza masiku ochepa. Ethiopian Airlines imagoneka ku hotelo apaulendo ake amene kudikira kwawo ku Addis Ababa kwapitirira maola 8 koma kosaposa 24. Ichi n'chofunika kuchifunsa ndi kuchitsimikiza tikiti isanagulidwe, pakuti safunsa adadya phula. Ndiwonjezepo kanthu kakang'ono kamene palibe amakanena: Addis Ababa ali pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba, ndipo usiku wake umazizira kolowa m'mafupa, choncho juzi ikhale m'manja, isatsekeredwe m'chikwama chachikulu. Wotchi nayo isunthidwe, chifukwa kumeneko ndi ku Nairobi ali patsogolo pathu ndi ola limodzi.

Ana athu akunja amaiwalanso kuti ulendo suyambira pa bwalo la ndege. Mayi wochokera kuno ayenera kukwera kabaza kapena galimoto ya matola makilomita pafupifupi 30 kufika m'tauni ya Zomba, pa msewu umene m'dzinja matope ake amadziwika ndi aliyense, kenaka minibasi yopita ku Limbe imene sinyamuka isanadzaze, kenakanso ina yopita ku Chileka. Tikiti yonyamukira ku Lilongwe ikhoza kuoneka yotsikirapo, koma Lumbadzi ali kutali ndi ife makilomita oposa 300, ndipo ukaphatikiza basi, chakudya, malo ogona ndi munthu woperekeza, phindu lija lasungunuka, watsala ndi kutopa kokha. Pobwerera napo, ndege yotera madzulo ndiye kuti kugona ku Blantyre, pakuti palibe wanzeru amene angatsike ndi masutikesi awiri kulowera kunyanja usiku.

Mapepala ndi msampha wina. Kenya ndi Ethiopia amawerengedwa m'gulu la mayiko okhala ndi nthenda ya yellow fever, ndipo mayiko ena, monga South Africa, amafuna kabuku kachikasu ka katemera kwa munthu amene wakhala pa bwalo la kumeneko maola oposa 12. Katemerayo ayenera kubayidwa masiku 10 ulendo usanachitike, ndipo kuyambira 2016 amawerengedwa kuti ndi wa moyo wonse. Pali mayiko enanso, monga Britain, amene kawirikawiri amafuna viza yodutsira kwa Mmalawi ngakhale asakutuluka m'bwalo, kotero kuti tikiti yotsika mtengo yodzera ku London ikhoza kuthera pa tebulo la pa Chileka pomwepo. Ndipo chilipo chithandizo chimene ambiri amachita nacho manyazi pachabe: pogula tikiti munthu akhoza kupempha kuti nkhalamba idzakankhidwe pa njinga ya olumala kuchokera pakhomo la ndege ina kufika pa inzake. Salipiritsa, ndipo wokankhayo ndiye amadziwa njira.

Ndikudziwa chimene ena adzandiyankhe. Adzati wolemba uyu akulankhula ngati ndalama zimathyoledwa mumtengo, pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, matikiti amawerengeredwa pa dola, ndipo mwana ali kunjayo akulipira lendi, akutumizanso fizi ya abale ake ndi ndalama ya feteleza. Mawuwo ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Mnyamata wopita kusukulu ndi kachikwama kamodzi kakumsana, wodziwa Chingerezi ndi foni, akafuna kugona pa benchi kuti apulumutse madola zana, agone. Thupi ndi lake. Chimene ndikukana n'chakuti muyeso wa mnyamatayo ugwiritsidwe ntchito pa amayi ake. Tikiti isankhidwe poyang'ana munthu amene adzakhale pampandopo, maso ake, mawondo ake ndi chilankhulo chake, osati poyang'ana wogulayo. Abale athu achisilamu a kuno ndi a ku Machinga adazindikira zimenezi kalekale: popita ku Haji ku Makka sayenda mmodzimmodzi, amanyamuka gulu, ali ndi mtsogoleri amene adapondako kale, ndipo nkhalamba zimene sizidaonepo ngakhale Lilongwe zimapita ndi kubwerako bwino.

Pali tikiti ina yoopsa kuposa yotsika mtengo, ndiyo yaulere, yogulidwa ndi munthu wosamudziwa. Mu March 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi achimalawi oposa 50 amene adathandizidwa kubwerera kuchokera ku Oman, kumene adapita atalonjezedwa ntchito zabwino, nakapeza ukapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Mtsikana amene wauzidwa kuti usadandaule, zonse takonza, tikiti udzaiona pa bwalo, afanana ndi agogo ake a nthawi ya Wenela, kungosiyana kuti iwo aja pangano lawo linkanena za tsiku lobwerera. Wotere akhale pansi ndi munthu wodziwa kuwerenga, aone dzina la mzinda womaliza, aone ngati tikiti yobwerera ilipo, ndipo ikapanda kuoneka asakwere.

Alamu anga adabwerako patatha miyezi itatu, atanenepa, ali ndi zithunzi za mdzukulu, ndipo chaka chino aitanidwanso. Kwa inu ana athu a ku Manchester, ku Dublin ndi kwina konse kumene mwamwazikira, pempho langa ndi ili: musanadine batani logulira, imbani foni kumudzi, mufunse ngati msewu wa ku Kachulu ukudutsika mwezi umenewo, kenaka muwagulire mayi anu tikiti imodzi yonyamukira pa Chileka, ya maola okwanira pachipata, ndipo muwalembere papepala, m'Chichewa, dzina la mzinda uliwonse umene adzatsikemo.