Catch can: gulani yeniyeni, apo ayi ingosiyani

Anzanga onyamula katundu kuchoka ku Johannesburg kupita kumudzi pa Hilux kapena Ranger ya dizilo, ine catch can ndimaivomereza. Nthunzi ya oyilo yochoka mu injini imabwerera ku intake n'kukasakanikirana ndi mwaye wa EGR. Zimapanga phala lakuda lotseka manifold, galimoto n'kumafooka pachitunda cha ku Zobue italemedwa. Kachitinika kamagwira oyiloyo asanafike kumeneko.

Koma zotchipa zija zopanda sefa m'kati, aaa, n'zokongoletsa chabe. Komanso muzikakhuthula posintha oyilo. Kakadzaza kapena paipi ikatsekeka, presha imakankha ma seal, oyilo n'kuyamba kudontha muli ku Tete, makasitomala akuimba foni. Galimoto ikadali pa waranti, funsani kaye kumene munaigula, ena amakana.