Makolo a ana olumala asalimbirane mphunzitsi mmodzi

Chiyambire 2022, pamene boma la Zambia linachotsa malipiro a sukulu, makalasi a ku Libala ndi Kabwata mu Lusaka ndi odzaza, ndipo ana ofunika chisamaliro chapadera ndiwo akusauka kwambiri. Mwana wosamva amafuna mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja, wosaona amafuna mabuku a Braille, pomwe wa autism amafuna chipinda chopanda phokoso. Mphunzitsi akakhala mmodzi, makolo amayamba kulozana zala. Wina amati mwana wa mnzake akusokoneza kalasi, winanso amati wake amangokhala pakona tsiku lonse, kope lili lotseka. Madandaulo onsewa ndi oona, koma gwero lake ndi kuchepa kwa aphunzitsi ndi zipangizo.

Ena amati popeza zosowa za anawa n'zosiyana, gulu lililonse lidzimenyere lokha nkhondo. Kusiyanako n'koona, ndipo mwana wosamva sangathandizidwe ndi Braille. Komabe makolo akagawikana, opata amapereka ana awo kusukulu zolipira, osauka n'kutsala opanda owalankhulira. Lamulo la anthu olumala la 2012 limateteza maphunziro a ana onsewa mofanana, ndipo koleji ya ZAMISE imaphunzitsa aphunzitsi awo muno mu Lusaka. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, zomwe zinakwera kufika K25.7 miliyoni pa dera lililonse mu 2022, zingamange zipinda ndi kugula zipangizo. Makolo a ku Libala apite pamodzi kukomiti ya CDF ya Kabwata ndi pempho limodzi lotchula zosowa za mwana aliyense.