Amene ndimawajambula saona nyuzipepala

Akonzi a m'tauni akamva kuti ndikupita ku Chintheche kapena ku Kande, pempho lawo limakhala limodzimodzi: mchenga woyera, dzuwa likutuluka panyanja, mwinanso mlendo atakwera hatchi. Zithunzi zotere sizivuta, ndipo eni malo ogona alendo amazikonda. Koma anthu a m'mbali mwa nyanjayi sadya kutuluka kwa dzuwa.

Ine ndimalawirira kudoko, nthawi imene asodzi a chilimira akukocheza atachezera usiku wonse ndi nyali. Pamenepo ndiye pali nkhani: amayi akunenerera chidebe cha usipa, ena akuyanika pathandala, kuseriku ena akuvuula chinangwa cha kondowole. Mwera ukalimba mu June ndi July mabwato amakhala pamtunda, ndipo chithunzi cha thandala lopanda kanthu chimafotokoza bwino chifukwa chake mwana wabwezedwa kusukulu kaamba ka fizi.

Chimandisautsa ndi funso la amayiwa: "Bambo, chithunzichi chipita kuti?" Zoona zake n'zakuti chipita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kwa anthu amene usipa amangouona m'mbale. Ku Usisya, kumene timafika pa Ilala kapena pamsewu wotsetsereka uja wochokera ku Mzuzu, nyuzipepala imafika mwa apo ndi apo, nthawi zina itakulunga kale sopo.

N'chifukwa chake ndimatsukitsa zithunzi zingapo ku Mzuzu ndi ndalama zanga, n'kukapereka kwa eni ake pa ulendo wotsatira. Ambiri amaseka, n'kundifunsa chifukwa chake sindinadikire kuti avale chitenje chabwino.