Amai a pa Mitala ndi Mgonero wa Ambuye

M'machalichi ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa, tsiku la Mgonero wa Ambuye limagawa anthu pawiri. Mkate ndi cikho zikafika, ena amatambasula manja, ena amangoweramitsa mitu kuyembekeza kuti mwambo uthe. Mwa otsalawo muli ana ang'ono, a m'kalasi amene sanabatizidwe, ndi ena amene ali pa cilango ca mpingo. Onsewa amadziwa kuti tsiku lao lidzafika. Koma alipo ena amene amakalamba ali ciyembekezere, ndiwo amai okwatiwa pa mitala, kapena pa cipali monga amanenera ena.

Lamulo la dziko siliwayesa olakwa amai amenewa. Ukwati wa mwambo m'Zambia umalola mwamuna kukhala ndi akazi angapo. Wa mkazi mmodzi yekha ndi uja wolembetsa mwa lamulo la Marriage Act. Ciletso cinadza ndi amishoni, monga a Dutch Reformed amene anakhazikika pa Magwero mu 1899, ndi anzao amene anafika pambuyo.

Mu 1888 mabishopi a Anglican, pa msonkhano wao wa ku Lambeth m'dziko la England, anagamula kuti mwamuna wa mitala asabatizidwe, akhale wophunzira cabe kufikira atavomera lamulo la mkazi mmodzi. Mau ake anali apafupi kulemba, koma amene anasenza katundu wake ndi akazi. Mwamuna wofuna ubatizo anali kusankha mmodzi ndi kusudzula enawo. Kwa Angoni, kumene malowolo amapereka ana ku banja la atate, mai wosudzulidwa akanatha kubwerera kwao wopanda ana ake. Kwa Acewa a cikamwini mai anatsala pamudzi pao ndithu, koma wopanda womuswera mphanje kapena womumangira nkhokwe. Mwamuna analowa ku gome la Ambuye, njala nilowa m'nyumba zimene anazisiya.

Panapita zaka 100 kuti a Anglican abweze mau amenewo. Mu 1988, pa msonkhano wina wa Lambeth, anavomereza kuti wa mitala amene watembenuka mtima abatizidwe pamodzi ndi akazi ake okhulupirira ndi ana, malinga alonjeze kusakwatiranso wina pamene mmodzi wa akaziwo ali moyo, ndiponso Akhristu a pamalopo avomere. Ananenetsa kuti asakakamizidwe kucotsa mkazi ali yense, poopa umphawi umene ukanamugwera mkaziyo.

Akatolika asunga lamulo la mkazi mmodzi. Buku lao la malamulo la 1983 likuti wa mitala wobatizidwa atsale ndi mmodzi, ndipo ngati kukhala ndi woyamba n'kobvuta angasankhe wina, koma bishopi aonetsetse kuti osiyidwawo akusamalidwa mwa cilungamo. Nkhaniyi ikali yolemera, pakuti mu 2023 Sinodi ya ku Rome inapempha mabishopi a m'Africa kuti aisinkhesinkhe mwakuya.

Malamulo onsewa akunena za munthu amene Uthenga unamupeza ali kale pa mitala. Masiku ano ambiri amalowa mitala ali obatizidwa, ndipo pamenepo mipingo yambiri imatseka khomo la Mgonero kwa mwamuna ndi mkazi waciwiri. Mpingo uli nao ufulu wosunga gome lake, ndipo palibe angaukanize. Komabe mai amene amasesa chalichi, amaphika pa maliro, ndipo copereka cake cimalandiridwa ndi manja awiri, ayenera kuuzidwa momveka bwino cimene camuletsa ndi njira imene yamutsalira. Si bwino kuti azimva zimenezi kwa anzake ku citsime.

Cina comvetsa cisoni ndi ca mkazi woyamba. Iye amene anamanga ukwati wake mwa dongosolo la mpingo, mwamuna namutengera mnzake pambuyo, sanaphwanye lamulo liri lonse, ndipo kwa Akatolika ndi mipingo ina yambiri saletsedwa kulandira. Ena amadziimitsa okha zaka zambiri cifukwa ca manyazi, osafunsa konse kwa abusa, ansembe kapena akulu a mpingo wao.