Chifuwa chokana mankhwala: kodi ndi TB yokha?

Tiyerekeze bambo wa zaka 65 wa ku Makwasa m'boma la Thyolo, yemwe adapuma ntchito kalekale. Wayamba kubanika akakwera kachitunda, mbali imodzi ya chifuwa ikumupweteka, ndipo thupi likutha. Kuchipatala amujambula n'kupeza madzi m'chifuwa. Makhololo sakuonetsa kachirombo, komabe amuyambitsa mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB.

Achipatala sadalakwitse. M'dziko muno, nthawi zambiri madzi otere amadza kaamba ka TB, ndipo kuchedwetsa mankhwala kumapha. Koma nanga miyezi iwiri ikatha bamboyo akumwa mankhwala mwandondomeko, madzi n'kumabwererabe akawapopa?

Apa mpomwe pamafunika funso lomwe silidya ndalama: "Bambo, zaka 30 kapena 40 zapitazo munkagwira ntchito yanji?"

Funsoli ndilo lidatsegula madotolo m'maso ku South Africa. M'zaka za m'ma 1950, Dr Christopher Sleggs wa pachipatala cha TB cha West End ku Kimberley adadabwa kuona odwala ena a madzi m'chifuwa akumwalira pomwe anzawo ankachira ndi mankhwala omwewo. Mchaka cha 1960, iye pamodzi ndi Dr Chris Wagner ndi Dr Paul Marchand adafalitsa zomwe adapeza mwa odwala 33. Sidali TB ayi, koma khansa yotchedwa mesothelioma, ndipo onse kupatula mmodzi adapumako fumbi la asibesitosi. Ena sadalowepo mumgodi; adangokulira pafupi ndi migodiyo.

Asibesitosi ndi mwala womwe umanyenyeka n'kukhala timaulusi. Sapsa ndi moto ndipo sawola, n'chifukwa chake ankamusakaniza ndi simenti popanga malata otuwa aja ndi mapaipi a madzi, ankakutira maboila ndi mapaipi a nthunzi, komanso ankamuika m'mabuleki a galimoto ndi mathirakitala. Munthu akapuma timaulusiti timakakhazikika m'mapapo ndi m'kachikopa kopyapyala kokuta mapapowo. Matenda amaonekera patapita zaka 20 mpaka 50.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa: ya mesothelioma, ya m'mapapo, ya pakholingo ndi ya mabasiketi a mazira a amayi. Limatinso anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse kaamba kopuma fumbili pantchito. Maiko oposa 60 adaletsa mwalawu, kuphatikizapo South Africa mchaka cha 2008 ndi Mozambique mu 2010.

Nanga Thyolo ikulowamo bwanji?

Choyamba ndi ulendo. Kuchepa kwa malo olima komanso msonkho zidatumiza abambo ambiri a m'chigawo cha kummwera kunja kukasaka ntchito. Ambiri omwe adapita ndi Wenela kapena Theba adakagwira m'migodi ya golide, komwe vuto lidali fumbi la miyala ina. Koma padalinso Amalawi omwe adakagwira m'migodi ya asibesitosi ya ku Zvishavane ndi Mashava ku Zimbabwe, komwe mpaka lero kuli zidzukulu za matchona. Omwe adabwerera kumudzi adadza ndi njinga ndi wailesi, koma enanso adadza ndi fumbi m'mapapo.

Chachiwiri ndi ntchito za konkuno. Ulimi wa tiyi ku Thyolo wadutsa zaka 100, ndipo fakitale ya tiyi siyenda popanda kutentha koumitsira masamba. M'nthawi yomwe mafakitale akale ankamangidwa, asibesitosi ndiye adali chokutira chodalirika padziko lonse. Choncho munthu yemwe ankakonza boila, kumata mapaipi otentha, kupukuta fumbi la mabuleki kugalaja kapena kucheka malata otuwa, ayenera kunena zimenezi kwa dotolo. Wothyola tiyi m'munda sali pachiopsezo chimenechi, ndipo tiyi yemwe timamwa alibe vuto.

Amayi nawo asadzichotsemo. Kafukufuku wa m'maiko ambiri adaonetsa kuti akazi omwe ankakutumula ndi kuchapa maovolosi a amuna awo adadwalanso khansayi.

Zizindikiro zake n'zosocheretsa chifukwa zimafanana ndi za TB: phuma lomwe likukulirakulira, ululu wosatha mbali imodzi ya chifuwa, kuonda, kutopa ndi thukuta la usiku. Ikagwira m'mimba, mimba imatupa ndi madzi. Kusiyana kwake n'koti mankhwala a TB sasintha kanthu.

Sikuti chipatala chaching'ono cha ku Bvumbwe, Khonjeni kapena Thekerani chingatsimikize matendawa. Udindo wake ndi kukaika, kulemba mbiri ya ntchito m'kabuku ka kuchipatala, ndi kutumiza wodwala msanga kuchipatala cha boma cha Thyolo kapena ku Malamulo, kenaka ku Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre. Kuyeza madzi okha kawirikawiri sikuonetsa khansayi. Pamafunika kudula kanyama kakang'ono ka m'chifuwa n'kukakaunika.

Ena angafunse: phindu lake n'chiyani poti mesothelioma sichizika ndipo ambiri sapitirira chaka chimodzi kapena ziwiri akapezeka nayo? Phindu lilipo. Wodwala amaleka kumwa mankhwala osamuthandiza kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amalandira mankhwala ochedwetsa khansa ngati thupi lingathe, amapopedwa madzi kuti apume bwino, ndipo amapatsidwa morphine wopha ululu. Banja limaleka kugulitsa mbuzi poyendayenda kwa asing'anga, ndipo agogo osalakwa saloza chala kuti ndi mfiti.

Palinso nkhani ya chipepeso. Ku South Africa, thumba la Asbestos Relief Trust lidakhazikitsidwa mchaka cha 2003 kuti lizilipira omwe adadwala kaamba ka migodi ya makampani ena a asibesitosi. Kuno kwathu, lamulo la chipepeso cha ogwira ntchito la mchaka cha 2000 limakhudzanso matenda otengera kuntchito. Koma kulikonse, popanda kalata ya dotolo yotchula matendawo, palibe poyambira.

Eni maesiteti kudzera m'bungwe la Tea Association of Malawi, mabungwe a ogwira ntchito ndi ofesi ya zantchito paboma angachite bwino kuyendera nyumba ndi mafakitale akale, kulemba pomwe pali asibesitosi ndi kuchenjeza amisiri asadagwirepo.

Pakhomo napo pali zochita. Lata lotuwa lomwe lili losasweka silivuta kwenikweni. Ngozi imadza policheka, kuliboola, kulipala kapena likasweka, monga nyumba zikagwa ndi mvula yamkuntho ngati ya Freddy ya mu March 2023. Zidutswa zithiridwe madzi musadazinyamule, zisaseseredwe zili zouma, ndipo ana asaseweretse. Amene adagwirapo ntchito zoterezi asiye fodya, chifukwa fodya akaphatikizana ndi asibesitosi amachulukitsa kwambiri khansa ya m'mapapo.

Ndipo mukamaperekeza bambo kapena agogo kuchipatala, musadikire kufunsidwa. Auzeni achipatala komwe mkuluyo adagwirako ntchito ali mnyamata.