KHUTU NDI MPHATSO, NGONGOLE NDI GOLI: MAWU KWA OFUNA MAHEDIFONI A MAGEMU



Achinyamata anzanga okondedwa, ndikudziwa kuti makolo ena akaona mutu wa sabata ino afunsa ngati mkatekisi wawo wasowa cholemba. Ndikuwapempha adekhe awerenge mpaka kumapeto, pakuti nkhaniyi ikukhudza ndalama za m'banja, thanzi la ana athu ndiponso chikumbumtima chawo.

Lamulungu lapitali, Misa yachiwiri itatha, mnyamata wina wa m'gulu lathu, wa Fomu 4, adandiimitsa panja pa tchalitchi. Wandilola kufotokoza nkhani yake popanda kutchula dzina. Adati: "Akatekisi, ndili ndi funso, koma chonde musandiseke." Iye ndi anzake atatu adalembetsa mpikisano wa PUBG Mobile umene achinyamata a m'dera lathu akonza. Anzakewo akhala akumudzudzula kuti ndiye amagonjetsa timu chifukwa samva mapazi a adani akamayandikira. Tsono adaona pa sitolo ina mahedifoni opanda waya, oyaka timagetsi tamitundumitundu, ndipo mtima wake udakhala pomwepo. Ndalama zake zosunga sizidakwane. Maganizo ake adali akuti atapeko pa ndalama zolipirira mayeso zimene amalume ake adatumiza, kenaka adzabweze ndi mphoto ya mpikisano. Zikakanika, akatenge katapila. Funso lake lidali lakuti: kodi pamenepa pali tchimo?

Ndidamuyankha kuti: "Mng'ono wanga, wachita bwino kufunsa, chifukwa safunsa adadya phula." Zimene tidakambirana ndizo ndikufuna kugawana nanu. Mfundo yanga ndi iyi: Mkhristu wachinyamata angathe kusewera, angathe kupikisana, angathenso kugula chipangizo chomuthandiza, koma agule mwanzeru, ndi ndalama zakezake, mosawononga makutu ake, ndiponso mosaipitsa pakamwa pake.

Masewera si mdani wa Mpingo

Tiyambe tachotsa mantha. Mpingo wathu sudana ndi masewera. Tomasi Woyera wa ku Aquino, mphunzitsi wamkulu amene tidamuwerenga kuseminale, adaphunzitsa kuti monga thupi lotopa lifuna kupuma, mzimu wotopa nawonso ufuna chisangalalo, ndipo adakumbutsa fanizo lakale la uta umene umathyoka ukakhala chikokere nthawi zonse. Yohane Bosco Woyera adakopa anyamata a m'misewu ya ku Turin ndi masewera asanawaphunzitse katekisimu. Carlo Acutis, amene adabadwa mu 1991 namwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ndipo Papa Leo XIV adamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025, ankakonda kompyuta ndi PlayStation. Koma amene adamudziwa amachitira umboni kuti adadziikira malire a ola limodzi lokha pa sabata losewera magemu. Iye ndiye ankalamulira gemu. Gemu sinkamulamulira.

Khalidwe limene tikulifuna pano Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amalifotokoza pa nambala 1806: nzeru zozindikira chabwino chenicheni ndi kusankha njira yoyenera yochipezera. Nzeru zimenezi zimagwira ntchito posankha ukwati kapena unsembe, komanso pamene waima pa kauntala ndalama zili m'manja.

Zimene wopikisana amafunadi

Pa magemu owomberana monga PUBG Mobile, Free Fire ndi Call of Duty: Mobile, ntchito ya mahedifoni ndi itatu: kuti umve phokoso pa nthawi yake, kuti uzindikire kumene lachokera, ndi kuti anzako akumve ukamalankhula. Zina zonse ndi zokometsera chabe. Amene mumasewera mpira wa EA Sports FC, umene mpaka 2023 unkatchedwa FIFA, mutakhala mpando umodzi ndi mnzanu, simufunikanso mahedifoni apadera.

Choyamba, sankhani a waya. Mahedifoni a Bluetooth amachedwetsa mawu, kawirikawiri ndi mamilisekondi 100 mpaka 200, nthawi zina kuposa apo. Pomvera nyimbo kuchedwa kumeneku sikudziwika, koma pa mpikisano kumatanthauza kuti umamva mfuti utawomberedwa kale. Alipo mahedifoni opanda waya amene amabwera ndi kachipangizo kolowetsa pa USB kogwiritsa ntchito 2.4 GHz, ndipo amenewo sachedwa kwenikweni, koma mtengo wake ndi wokwera. A waya sachedwetsa mawu, safuna kutchaja, ndipo alibe batire loti n'kufa pakatha zaka ziwiri. Ife amene timadziwa kuzimazima kwa magetsi tisaione mopepuka mfundo imeneyi.

Chachiwiri, yang'anani pulagi. Kapulagi ka 3.5 mm kokhala ndi timizere takuda tiwiri kamangotulutsa mawu. Kokhala ndi timizere titatu ndiko kamanyamulanso maikolofoni, ndipo ndiko kamagwira pa foni, pa laputopu zambiri ndi pa kontirola ya PlayStation. Kompyuta ya pa desiki imene ili ndi mabowo awiri, lobiriwira la mawu ndi lapinki la maikolofoni, imafuna kachingwe kogawa pawiri. Ngati foni yanu ilibe bowo la mahedifoni, mufunika adaputala ya USB-C, ndipo si adaputala iliyonse imagwira pa foni iliyonse. Nyamulani foni yanu popita kukagula, muyese musanalipire. Wogulitsa wokana kuti muyese wakuuzani kale zonse zimene mufuna kudziwa.

Chachitatu, musanyengeke ndi zolembedwa pa bokosi. Mawu akuti 7.1 pa mahedifoni otchipa satanthauza kuti muli masipika asanu ndi atatu. Muli awiri okha, lamanzere ndi lamanja. Zotsalazo ndi pulogalamu imene imakonza mawu kuti amveke ngati akuzungulira, ndipo Windows 10 ndi 11 zili kale ndi pulogalamu yotere yaulere yotchedwa Windows Sonic. Mulungu adatipatsa makutu awiri, ndipo ubongo umazindikira kumene phokoso lachokera poyerekeza kusiyana kwa mphamvu yake ndi kwa nthawi imene lafikira pa khutu lililonse, kusiyana kosakwana ngakhale milisekondi imodzi. Choncho chofunika ndi chakuti mbali yamanzere ndi yamanja zizimveka bwino ndi mofanana mphamvu. Sipika ya 50 mm siiposa ya 40 mm chifukwa cha kukula kokha. Mabesi ogunda kwambiri amasangalatsa pa nyimbo, koma pa gemu amaphimba timaphokoso tating'ono monga mapazi. Timagetsi toyakayaka sitiwonjezera kanthu pa kumva. Makolo athu adanena kale: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Chachinayi, maikolofoni ikhale pa kamtengo kofika pafupi ndi pakamwa, ndipo pakhale batani lozimitsira. Jambulani mawu anu pa foni kwa masekondi ochepa, mumvetsere nokha. Pomaliza, avaleni kwa mphindi zingapo muone ngati akupana mutu kapena kutenthetsa makutu, makamaka inu ovala magalasi. Gwirani pamene waya walowera m'pulagi, chifukwa mahedifoni otchipa ambiri amafera pamenepo. Ndipo musanyoze timahedifoni tating'ono tolowetsa m'khutu: akatswiri a pa mipikisano ikuluikulu ya dziko lonse kawirikawiri amamvera gemu pa timeneto, ndipo aakulu aja amawavala pamwamba kuti atseke phokoso la anthu oonerera.

Khalani pansi muwerenge mtengo

Mu Luka 14:28-30 Ambuye Yezu akutiuza za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wawerengera ngati chuma chake chikwanira, kuopa kusekedwa ntchito itaima pa maziko. Ambuye ankanena za mtengo wa kukhala wophunzira wawo, koma adatenga chitsanzocho pa nzeru za tsiku ndi tsiku chifukwa nzeruzo ndi zoona.

Kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja adakwera mtengo, ndipo makolo athu akuvutika kupeza ngakhale ufa ndi fizi. Ndalama ya mayeso si yako, mnyamata, wangoisungitsidwa. Kuigwiritsa ntchito ina mobisa n'kulakwira lamulo lachisanu ndi chiwiri, ndiponso lachinayi, pakuti ukunyoza thukuta la amene akulera. Kudalira mphoto ya mpikisano umene sunachitike n'chimodzimodzi kutchova njuga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za katapila ndiye ndisachite kunena: Miyambo 22:7 imatichenjeza kuti wokongola amasanduka kapolo wa womukongoza, ndipo m'miphakati yathu tawaona mabanja akulandidwa njinga ndi mawailesi chifukwa cha ngongole yaing'ono imene idabereka ana.

Wina anena kuti: "Koma anzanga ali ndi a mtengo wapatali, ine ndichita manyazi." Ndikumvetsa, chifukwa nanenso ndidakhalapo mnyamata wa nsapato imodzi pakati pa anzanga a nsapato zitatu. Koma dziwa kuti chipangizo sichisewera chokha. Luso limabwera ndi kuyeserera ndi kumvana pa timu. Ndipo anzako amene amakuyeza ndi zimene wavala kumutu adzapezanso china chokunyozera mawa.

Samalani makutu anu

Apa ndipo pagona nkhawa yanga yaikulu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limachenjeza kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa chiopsezo chowononga makutu awo chifukwa chomvera zinthu mokweza kwambiri. Malire amene bungweli limapereka kwa munthu wamkulu ndi madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata. Phokoso likafika madesibelo 90, nthawi yotetezeka imatsika kufika pa maola 4 okha pa sabata. M'kati mwa khutu muli timaselo tonga tsitsi timene timalandira mawu, tikafa sitimeranso. Wosewera amakweza voliyumu kuti amve mapazi, ndiye mfuti ndi mabomba zimamuphulikira m'khutu momwemo kwa maola ambiri.

Nchifukwa chake mahedifoni otseka bwino khutu ndi abwino m'nyumba zathu zaphokoso: ukatseka phokoso lakunja, sufunikanso kukweza. Voliyumu isapitirire 60 peresenti. Pumitsani makutu ola lililonse. Mukavula mahedifoni n'kumamva kulira kwa "tiii" m'khutu, thupi likukuchenjezani. Zikapitirira, pitani kuchipatala. Katekisimu, pa nambala 2288, amatiphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu adatisungitsa. Khutu limene mukuliphulitsa lero ndi lomwelo lidzafuna kumva mawu a mwana wanu woyamba, ndi mawu a wansembe akukukhululukirani machimo.

WHO yomweyo mu 2019 idavomereza kuika vuto la kukodwa ndi magemu m'ndandanda wa matenda. Si aliyense wosewera amene ali nalo, koma zizindikiro zake tizidziwe: kulephera kusiya, kuika gemu patsogolo pa sukulu, tulo ndi chakudya, ndi kupitirizabe ngakhale zinthu zikuwonongeka.

Maikolofoni ndi lilime

Ndamvapo ena a inu mukusewera kuseri kwa holo, ndipo mawu amene amatuluka pakamwa pomwe m'mawa pamaimba Ulemu kwa Mulungu adandichititsa manyazi. Yakobe 1:19 akutilangiza kufulumira kumva ndi kuchedwa kulankhula, ndipo pa mutu 3 akuyerekeza lilime ndi kamoto kamene kamatentha nkhalango. Amene mukumutukwana pa intanetiyo ali ndi mayi ake, ndipo adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu monga inu. Batani lozimitsira maikolofoni lija ligwiritseni ntchito mkwiyo ukakwera.

Kumbukiraninso kuti mahedifoni amatseka. Mayi akaitana katatu osayankhidwa, agogo akafuna madzi inu muli m'nkhondo ya pa foni, ndiye kuti mwamva mapazi a mdani wongopeka koma mwaphonya mawu a m'bale weniweni. Samuele adamva kuitana kwa Mulungu usiku kuli zii, ndipo Eliya adakumana ndi Ambuye m'kamphepo kayaziyazi, chimphepo, chivomezi ndi moto zitapita. Patulani nthawi tsiku lililonse imene makutu anu ali opanda kanthu.

Lachitatu madzulo ndidaperekeza mng'ono wathu uja kumsika. Tidayesa mahedifoni anayi pa foni yake. Awiri maikolofoni sinkagwira, ena mbali yamanzere inkamveka mofooka. Adagula otsalawo, a waya, akuda, opanda timagetsi, ndi ndalama zake zimene adapeza pa ganyu wa tchuthi, ndipo chenji idatsala. Ndalama ya mayeso adakapereka kusukulu Lachinayi, risiti ndidaiona. Mpikisano uliko Loweruka likubwerali, ndipo wandilonjeza kuti, apambane kapena agonje, Lamulungu adzakhala pa malo ake m'kwaya.

Sabata ino, aliyense wa ife adzifunse: kodi chimene ndikulakalaka kugula ndichigula ndi ndalama ya yani? Nanga ndi mawu a yani amene ndaleka kuwamva?

Tipemphere: Ambuye Yezu, Inu amene mudatsekula makutu a munthu wogontha uja, tsekulaninso athu kuti timve mawu anu ndi kulira kwa abale athu. Tipatseni nzeru pogula, kudziletsa posewera, ndi ulemu polankhula. Carlo Acutis Woyera, mutipempherere. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse. Tionana ku msonkhano wa achinyamata Lamulungu, Misa yachiwiri ikatha.